Awiriawiri Mpaka ku Bwanje

Chaka chimene ndinagwira wilibala

Ana inu, Yohane, Madalitso, ndi iwe Chikondi wokonda kukonza zolemba za anthu, za ubwana wanga sindilemba. Ndinaweta ng'ombe, ndinathawa sukulu ndili Sitandade 5, nkhani yathera pomwepo. Wofuna zambiri akafunse ng'ombezo. Ndiyambira pa wilibala, chifukwa ndi pamene anthu anayamba kunditchula kuti a Nzunga.

Ndinalembedwa ntchito ya mseu ndili ndi ndevu zitatu, pa mseu wafumbi wokwera ku Tsangano. Tinkakwirira maenje ndi kutsegula ngalande, mvula n'kubwera kudzafafaniza zonse, ife n'kuyambiranso. Bwana wathu woyamba anali a Kamwendo, munthu wamfupi wa mawu aakulu, woti akakuwa pa mtunda agalu a kutsidya ku Mozambique ankayankha. Tsiku lina anandipeza nditatsamira fosholo, ndikuseketsa anzanga khumi amene ankakumba. Ndinati basi ntchito yatha. Koma iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Nzunga, iwe kukumba sudziwa, koma taona anthuwa akukumba uku akuseka. Mawa ukhala kapitawo." Umu ndi mmene pakamwa panandikwezera, ndipo ndi pakamwa pomwepo pamene panadzandigwetsa.

Ntchito ya mseu ilibe mudzi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinakhala m'makampu a malata, lero kuno, chaka chamawa uko. Amayi anu, aNangozo, anatsala kwawo kufupi ndi Lizulu, kumene ndinalowa chikamwini, akulima mbatata ya kachewere ndi kulera inu. Ine ndinkafika kumapeto kwa mwezi ngati mlendo wodziwa pamene pamakhala mchere. Ndikagona masiku awiri, ndinkaweruza milandu yanu yonse, kukwapula woyenera kukwapulidwa, n'kukwera lole. Ndinkayesa kuti ukwati ndi umenewo.

Matipate atangobwera: Bwanje

Nthawi imene aliyense anayamba kuvala nsalu ya chipani chake, anatitumiza kuchigwa cha Bwanje kukamanga kamlatho. Inali ntchito ya miyezi inayi, koma inatenga miyezi khumi ndi inayi. Simenti ikafika, dizilo palibe. Dizilo akafika, lole yafa. Lole ikadzuka, mtsinje wadzaza. Bwana wa nthawi imeneyo sindimutchula, ankabwera kamodzi pamwezi, kuyang'ana mtsinje ali m'galimoto, n'kunena kuti, "Pitirizani." Tipitirize chiyani? Tinkangokhala pansi pa mtengo kuthamangitsa ntchentche.

Munthu wopanda chochita amapeza chochita. Panali mayi wina, Naphiri, amene ankatigulitsa mpunga wophika pa kampu. Sindikongoletsa nkhani, ndinu akuluakulu. Mlatho utatha ndinachoka, iye ali ndi pakati. Patapita miyezi, woyendetsa lole wina anandinong'oneza kuti ku Bwanje kwabadwa mwana wamkazi. Ndinayankha kuti, "Ndamva." Ndipo ndi chokhacho chimene ndinachitira mwana ameneyo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri: ndinamva. Mchemwali wanu Lonesi mukumudziwa tsopano, mwadya mpunga wake. Koma nkhaniyi munangoimva mutu wokha, ndipo ndikufuna muimve kwa mwini wake ndisanapite kukaweta nyerere.

Nditapuma ntchito

Mpingo uja wa anthu a malaya oyera ndi tayi, oyenda awiriawiri, woyamba kuulowa anali amayi anu, atapita kukadikira Madalitso kuchira ku Lilongwe. Ine ndinawatsatira patapita zaka zitatu, nditatopa kuwaseka. Mpingowu umaletsa mowa, fodya ndi tiyi. Mowa ndinasiya osalira. Fodya ndinalira pang'ono. Koma tiyi, ana inu! Munthu wa ku Lizulu, m'mawa wa Julayi, chisanu chikuluma makutu, amuuze kuti tiyi ayi? Mpaka lero ndikadutsa pa tiyirumu ndimayenda pang'onopang'ono kuti mphuno yokha imweko. Asanandibatize anandifunsa ngati ndalapa zonse. Ndinati zonse. Mumtima ndinati za ku Bwanje zilowa m'madzi momwemo pamodzi ndi zinazo, palibe chifukwa chozitchula dzina.

Zaka zinapita. Tsiku lina atsogoleri anatiitana awirife n'kunena kuti mpingo ukufuna mabanja achikulire okatumikira miyezi khumi ndi isanu ndi itatu, kukalimbikitsa timagulu tating'ono ta m'midzi. Ndinati ine Sitandade 5, amayiwa sanapondeko n'komwe m'kalasi. Anati sakufuna satifiketi, akufuna miyendo. Amayi anu anavomera ine ndisanatseke pakamwa. Anatipatsa mabaji akuda olemba zoyera, langa Mkulu Nzunga, lawo Mlongo Nzunga. Ndinati taonani, ndinakwatira bwinobwino ankhoswe alipo, lero mwasanduka mlongo wanga. Sanaseke. Mtsogoleri wa utumiki wonse, bambo wina wa ku Zambia wofatsa ngati madzi a mumtsuko, anatiuza lamulo lalikulu: kumene kuli mmodzi, winayo akhale komweko. Kumsika limodzi, kokaphunzitsa limodzi, kuchipatala limodzi. Ndinagwedeza mutu ngati ndamvetsa. Sindinadziwe kuti pa zaka zonse za ukwati wathu tinali tisanakhalepo limodzi tsiku lathunthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Juni mpaka Novembala: Tsangano

Anayamba kutiika ku Tsangano, pa mseu womwe uja ndinakwirira maenje, ndipo maenjewo ndinawapeza alipobe, ena ndinawazindikira. Tinali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri ndi gulu la anthu osakwana makumi awiri, osonkhana m'nyumba ya renti. Tsiku lathu linkayenda motere: kudzuka, kupemphera, kuwerenga malemba ola lathunthu, ine ndikuwerenga mododoma ngati ngolo ya gudumu limodzi, amayi anu akumvetsera atatseka maso. Ndinkayesa akugona. Koma tikafika kwa anthu, ine ndikusakasaka tsamba, iwo ankangolakatula ndime yonse pamtima, n'kuimasulira ndi nkhani za mbewu ya mbatata. Lolemba tinkachapa, ndipo malaya oyera ndinaphunzira kusita ndekha ndi simbi ya makala, nditaotcha awiri.

Kuyenda ndiye kunativuta. Kwathu mwamuna amatsogola, mkazi pambuyo ndi katundu. Sabata yoyamba ndinkapezeka ndafika pakhomo la munthu, ndaodira, ndapatsidwa mpando, amayi anu akadali kuseri kwa phiri ndi chikwama cha mabuku. Tsiku lina anandiimitsa pakati pa njira.

"Bambo a Yohane, anati awiriawiri. Sanati mmodzi ndi wonyamula katundu wake."

Kuyambira pamenepo chikwama chinali changa, ndipo tinkayenda phewa ndi phewa. Amuna a pa bawo ankakuwa, "Akapitawo, akudyetsani chiyani amayiwo?" Ine ndinkayankha kuti kachewere yemweyu, ingosamalani kwanu. Pakhomo ankanditulutsira mpando, amayi anu mphasa. Ndinayamba kukhala pamphasa pomwepo, mpando n'kuikapo chikwama. Ndiye tiyi uja! Anthu a ku Tsangano mlendo samufunsa, amangobweretsa kapu yotentha ndi mbale ya mbatata. Kukana n'kutukwana. Amayi anu ndiwo anapeza nzeru: tikangofika ankati, "Ife ndi a madzi otentha ndi shuga, masambawo musunge," mpaka mudzi wonse unkatitchula kuti a Madzi Otentha. Akatipatsa thobwa ine ndinkafunsa kuti lagona masiku angati, akati atatu ndinkalinunkhiza kawiri n'kulibweza ndi chisoni.

M'miyezi imeneyo ndinazindikira kuti ndinakwatira munthu woseketsa. Sindinkadziwa. Ankatha kuyerekeza mayendedwe a aliyense wa m'gulu lathu, ndi ine ndemwe. Ndinadziwanso kuti bondo lawo lamanzere limawawa akamatsika phiri, kuti amaopa atsekwe, ndiponso kuti ali mtsikana ankafuna kukhala namwino. Nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zake, ndinayamba chibwenzi ndi mkazi wanga yemwe. Musaseke, Yohane, iwenso zidzakupeza.

Disembala: kutsika phiri

Foni inalira Lolemba lina m'mawa ndikusita. Mtsogoleri uja anati ku Tsangano tagwira bwino, tsopano kuli kagulu kena kamene kakufa ku Bwanje, tisamukire kumeneko sabata yamawa. Simbi inatsala pang'ono kudya malaya achitatu. Ndinayamba kuyala zifukwa: kutentha, udzudzu, magazi anga othamanga. Amayi anu analanda foni n'kunena kuti, "Tipita. Magazi awo amathamanga akaona ntchito."

Ana inu, akulu anati mlandu suwola. Ndikanakhala ndekha, ndikanazemba: mudzi uwu kuulambalala, njira iyi kusaiponda. Koma ndi munthu amene ali paphewa pako kuyambira m'mawa mpaka madzulo, khomo ndi khomo, dzina lako litalembedwa pachifuwa ndi zilembo zoyera, ubisala pati? Masiku asanu sindinadye bwino. Ndikanatha kupita kuchipatala kukadandaula mpaka andilembere kalata, ndipo pakamwa panga pakanakwanitsa. Chimene chinandiletsa ndi miyezi isanu ndi umodzi ija. Mkazi wa kumapeto kwa mwezi ndinkatha kumunamiza. Uyu woyerekeza mayendedwe anga, ayi. Koma ndinkadziwanso mtengo wake. Ndine mkamwini. Nyumba ili pa dothi la kwawo, munda ndi wa kwawo, ndipo mkamwini ngakhale wa imvi amachoka ndi bulangete limodzi.

Ndinawauza tsiku lomanga katundu, dzuwa lili pamutu, iwo akumanga matiresi ndi chingwe. Ndinayamba ndi simenti ndi dizilo, kuzungulira ngati galu wofuna kugona. Anati, "Fikani pa nkhani." Ndinafika. Sanakuwe, sanagwetse kanthu. Anamaliza mfundo imene ankamanga.

"Ali ndi zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi ziwiri."

Anawerenga pa zala, milomo ikugwedezeka. "Chaka chimene Chikondi anadwala chikuku. Ndinatuma uthenga kawiri kuti mwana akufa. Munayankha kuti simungasiye mlatho."

Chikondi, zimenezi ndi zoona, ndipo ndazilemba kuti usadzazimve kwa wina.

Anandipatsa foni n'kunena kuti ndiimbire mtsogoleri ndimuuze ndekha, iwo akumva. Ndinaimba n'kuulula zonse, bambo uja akumvetsera. Kenako anati, "Mkulu Nzunga, madzi a ubatizo anatsuka tchimo lanu, koma mwanayo sanasungunuke m'madzimo. Akadali ku Bwanje." Ndiye anapempha kulankhula ndi amayi anu, n'kuwafunsa ngati akufuna kubwerera kumudzi, kuti palibe amene angawaimbe mlandu. Yankho lawo ndikulikumbuka liwu ndi liwu.

"Ine anandiitana miyezi khumi ndi isanu ndi itatu. Yatsala khumi ndi iwiri, ndipo ndiimaliza. Ikatha ndibwerera kwathu ku Lizulu. Zoti bambowa akalowanso m'nyumba mwanga kapena ayi, ndidzaona nthawi yomweyo."

Kuchokera pamenepo, kwa masabata asanu ndi limodzi, sanandilankhulenso popanda mkhalapakati.

Januwale: m'matope

Bwanje ndinamupeza atasintha. Kunabwera sikimu ya ulimi wothirira, ngalande za simenti zowongoka, mpunga mbali zonse, njinga ngati nyerere. Kutentha kokha ndi kumene kunandidikira. Lamulo silinasinthe, choncho tinkadzuka limodzi, kupemphera limodzi, kuyenda phewa ndi phewa, koma pakati pathu pakanatha kudutsa giledala yosalaza mseu. Amayi anu anasiya kundilankhula. Akafuna kanthu ankatuma amene ali pafupi. Tili pakhomo la munthu amene tangomudziwa kumene, ankati, "Mayi, tawauzani abambowa atsegule buku." Mayiyo, maso ali pa ine, ankati, "Akuti mutsegule buku." Kumsika ankatuma wogulitsa tomato. Kunyumba, kopanda munthu, ankauza mphaka wa eni nyumba: "Iwe, kawauze madzi atha mumtsuko." Ndipo phunziro limene tinkaphunzitsa kwambiri m'nyumba za anthu ndi loti banja likhoza kukhala losatha, ngakhale kuseri kwa manda. Ine ndikuwerenga zimenezo thukuta lili chuchuchu, amayi anu akuyang'ana denga.

Wotizindikira sanachedwe. Mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo, amene kale ankasakaniza simenti pa gulu langa, anangoona baji n'kuponya sipanala.

"Akapitawo! Ndinu? Mwasanduka abusa? Dziko latha!" Kenako anaona amayi anu n'kumeza mawu.

Amayi anu anamupatsa moni bwinobwino n'kunena kuti, "Bambo, musavutike, ndikudziwa. Tawauzani abambowa kumene kumakhala mwana wawo."

Anatiuza kuti Naphiri anamwalira mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mwanayo analeredwa ndi amalume ake, dzina lake ndi Lonesi, anakwatiwa, ali ndi ana awiri ndi ndime yake ya mpunga kumapeto kwa ngalande yachitatu. Titachoka ndinayesa nzeru yanga yomaliza. Ndinati, Nangozo, nkhani iyi ndi yonyansa, musadetse nayo mapazi, ndiloleni ndipite ndekha kamodzi kokha, Mulungu amvetsa. Anaima n'kuyang'ana mbuzi imene inamangidwa m'mbali mwa njira.

"Iwe mbuzi, kawauze kuti kumeneko anapitako okha kale."

Tinapita m'mawa wotsatira. Tinamupeza atawerama m'madzi ofika m'akakolo, akuwokera mbande za mpunga, yekha m'ndime yonse, mwamuna wake atapita kukagwira ntchito kutali. Atadzuka, ndinamuona nkhope. Mphumi ndi ya Madalitso, ndipo kaimidwe kake, dzanja m'chiuno, ndi ka malemu amayi anga. Anawerenga baji langa pang'onopang'ono. Sindinafunike kudzitchula. Mawu onse amene ndinakonza anathawa, pakamwa paja pondikwezera ukapitawo panangoti kakasi. Ndinangoti, "Mwana wanga, ndine..."

"Ndikudziwa amene muli. Mwabwera kudzandibatiza?"

"Ayi, ndabwera kudzapepesa."

"Pepesani msanga, mbande zikuuma."

Ndinapepesa nditaima pa mzere wa dothi, nsapato zopolisha, tayi pakhosi. Iye anamvetsera ngati akumva wailesi ya kwa aneba. Nditamaliza anati, "Bambo anga ndi amalume amene anandigulira yunifolomu. Inu ndinu akapitawo. Ndamva kupepesa kwanu." N'kuweramanso. Mawu anga omwe aja, ndamva, anandibwerera atakula.

Ndinatembenuka kuti tizipita. Koma amayi anu anali atavula kale nsapato, akukwinya chitenje. Munthu wa kumapiri, amene mpunga ankangoudziwa m'mbale, analowa m'matope n'kutola mtolo wa mbande.

"Mwanawe, ine ndine mkazi wa bambowa. Sindinabwere kudzakangana nawe, iwe sunalakwe kanthu. Tandionetsa, zimalowa zingati pa phando limodzi?"

Lonesi anatola mbande n'kuwaonetsa. Kenako anati, "Zitatu, amayi. Musazamitse kwambiri."

"Chabwino. Tsono uwauze akapitawo akowo avule nsapato."

Masiku asanu ndi anayi tinawokera ndime imeneyo, m'mawa uliwonse, masana n'kumapita kokaphunzitsa. Mtsogoleri titamuuza anati umenewonso ndi utumiki. Anthu ankaimitsa njinga kudzaonera nkhalamba ya malaya oyera ndi tayi ikuterereka m'matope. Misundu inandikonda kuposa onse. Mizere yanga inkakhota, ndipo Lonesi ankabwera pambuyo kuzula n'kubzalanso, akung'ung'udza kuti, "Munthu womanga misewu, mzere umodzi ukumukanika." Amayi anu anaseka koyamba kuchokera ku Tsangano, ngakhale kuti anaseka moyang'ana kumbali. Akazi awiriwo ankacheza okhaokha, za ana, za mitengo ya feteleza, ndipo pena ankatsitsa mawu n'kuyang'ana kumene ndili. Zimene ankanena sindinazimve ndipo sindikufuna kuzimva.

Tsiku lomaliza Lonesi anatiitanira kunyumba kwake n'kutiphikira mpunga ndi nyemba. Titasamba m'manja, amayi anu anafuna kuthokoza monga timachitira kwathu, potchula mfunda wa wophika. Anafunsa kuti, "Kodi kuno amakutchula Nandani?"

Lonesi anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Ine ndine Lonesi basi. Mfunda umachokera kwa bambo. Apongozi anga atafunsa pa chinkhoswe, amalume anangoti mutchuleni dzina lakelo. Anzanga onse pa chitsime ndi aNa-uje, aNa-uje. Ine amandiitana ngati kamwana ka sukulu."

Pa zonse zimene ndinamumana, chimenechi sindinachiganizireko, chinthu chosafuna ngakhale thumba lonyamulira. Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anu ananditsogolera. Anagwada bwinobwino, bondo lowawa lomwe lija, n'kuomba m'manja mofatsa, mokweza kuti apongozi amene anakhala pakhonde la nyumba ina amve.

"Zikomo, Nanzunga. Tadya, takhuta. Zikomo kwambiri, Nanzunga."

Ana anga aakazi awiri okha, Madalitso ndi Chikondi, ndi amene ankatchulidwa choncho, ndipo amayi anu ndiwo anawabereka ndi ululu. Dzina limenelo analipereka ndi pakamwa pawo, osafunsa aliyense. Lonesi anatola mbale n'kulowa m'nyumba, ndipo anachedwa kutuluka.

Pobwerera, tili pa mlatho wanga uja, amayi anu analankhula osayang'ana mbuzi, mphaka kapena munthu wodutsa. "Inu, tayi yanu ili ndi matope." Ana inu, nyimbo zonse za m'buku la mpingo, palibe inandikomera ngati mawu amenewo.

Novembala: kumasulidwa

Miyezi yotsalayo tinagwira ntchito. Kagulu kaja kanakula mpaka mabenchi anachepa, ndipo ndikhulupirira ambiri anabwera kudzaona nkhalamba ya m'matope n'kukodwa ndi ulaliki wa amayi anu. Lonesi sanalowe mpingo wathu, ali ndi wake, ndipo sitinamukakamize. Ankabwera Lolemba kudzathandiza kuchapa, ana ake n'kumakwera pamsana panga. Mpaka lero amanditchula akapitawo. Ana akewo ndiwo amati agogo, ndipo iye sawaletsa.

Koma mlandu wanga unali usanagamulidwe. Amayi anu ankandilankhula, inde, koma za bulangete lija sanatchulepo, ine n'kumaopa kufunsa. Tsiku lovula mabaji linafika. Tinakwera minibasi ndi thumba la mpunga limene Lonesi anatipatsa, n'kutsika pa Lizulu masana, pakati pa milu ya kabichi ndi anthu okuwa mitengo. Njira ya kumudzi kwawo imalowera kumanzere. Basi yopita kwa abale anga, kumene ndinachoka ndili mnyamata, imaima tsidya lina la mseu. Ndinatsitsa katundu n'kumuika pawiri, wawo uku, wanga uku, n'kuima pakati ngati mbuzi ya pamsika.

"Nangozo, miyezi ija yatha. Ndilowere kuti?"

Anayang'ana milu iwiriyo, n'kundiyang'ana ine.

"A Nzunga, ndisakunamizeni, sindinakukhululukireni zonse. Ndakhululuka theka. Za Lonesi ndakhululuka, chifukwa ndapezapo mwana. Za chikuku zija zikadali pano." Anagwira pachifuwa. "Theka limenelo ndizikhululuka pang'onopang'ono, ndipo sindingathe kukhululukira munthu amene sindikumuona. Phatikizani katunduyo, mukuchititsa manyazi."

Ndinaphatikiza msanga asanasinthe maganizo. Thumba la mpunga ndinasenza ndekha mpaka kumudzi, khosi linandiwawa sabata yathunthu, ndipo sindinadandaule ngakhale kamodzi.

Papita zaka tsopano. Ndikulemba izi pakhonde, iwo ali apo akusankha mbewu ya mbatata. Dzulo ndinawafunsa kuti pa theka lija patsala pangati. Anati ndisawafulumize.